Mmene Ndinapitira Kukaphunzira Kugonetsa Odwala

Ndinabadwira ku Livingstone, ndipo ntchito ya unamwino ndinayambira komweko. Atate anachokera kummawa, cha ku Katete, ali mnyamata, n'kudzalowa ntchito ya njanji. Amayi anali Atonga a ku Kalomo. Kunyumba kwathu ku Dambwa North, atate ankalankhula Chichewa chawo chozama, amayi Chitonga, ife ana Chinyanja cha m'tauni, chimene atate ankati n'chosweka ngati mbale yogwera pa simenti. Pofika zaka za m'ma 1990 amayi anali atatisiya, atate anali atapuma pa ntchito, ndipo m'nyumbamo tinatsala anthu anayi: atate, mkulu wanga wamkazi amene ankagulitsa ziboliboli ndi mikanda kwa alendo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, ine, ndi mwana wanga wamkazi amene anali asanayambe sukulu. Bambo wa mwanayo anapita kumigodi n'kukakwatira kumeneko. Za iye zithere pomwepa.

Kuchipatala ananditumiza ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Ntchito yanga inali yopatsira dokotala zipangizo: lumo, sizasi, ulusi, thonje. Ndinkaigwira bwino, koma maso anga sankakhazikika pamene panali mpeni. Ankangothawira kuseri kwa nsalu yobiriwira, kumutu kwa wodwala, kumene kunkakhala bambo wina wachikulire wa Chilozi pa kampando kozungulira. Iwo ndiwo ankagonetsa odwala. Anamwino tonse tinkangowatchula kuti eni tulo.

Anali aatali, owonda, olankhula motsitsa. Chipangizo chawo chinali chakale kwambiri, chokhala ndi kamvukuto kamene ankakapanikiza ndi dzanja kuti mpweya ulowe m'chifuwa cha wogonayo. Khutu limodzi ankalitseka ndi kapaipi komvera mtima, kamene mbali inayo ankaimata pachifuwa cha wodwala, khutu linalo n'kulisiyira ife a dziko lino. Fungo la mankhwala awo linkalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'buledi amene ndinkanyamula m'chikwama. Pofika masana mutu wanga unkapepuka, ndipo ndinkaona ngati chipinda chonsecho chikuyandama pang'onopang'ono ngati bwato losamangirira, ife tili momwemo ndi zovala zathu zobiriwira.

Chimene chinkandikoka kwambiri chinali kudzuka kwa anthu. Panali mankhwala ena a jakisoni otchedwa ketamini, amene munthu amagona nawo maso ali pang'ono chitsegukire, ndipo amalotetsa. Mayi wina wa ku Linda anadzuka akuseka kuti anali kumsika ndipo nsomba zonse zouma zinayamba kuuluka. Mnyamata wina wopalasa njinga za katundu anati anakwera kumwamba pa makwerero a matumba a ufa. Ena ankadzuka akulira, osadziwa chimene akulirira. Eni tulo ankawayankha onse ndi mawu amodzimodzi, dzanja lili pamphumi pawo: "Mwabwera. Muli kuno manje. Pumani chabe."

Tsiku lina tikutsuka m'manja ndinawafunsa kuti, "Ba mudala, nanga anthu aba amayenda kuti mukabagoneka?"

Anandiyang'ana kanthawi, madzi akutsika m'zigongono zawo. "Kwamene bayenda siniziba, ba sista. Nchito yanga ni kusunga nyumba mpaka mwine wake abwere."

Kenaka atate anadwala. Anatupa pamchombo, chotupa chimene ankachibisa ndi lamba kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina chinakana kubwerera mkati ndipo anayamba kusanza. Dokotala anati pafunika opaleshoni. Atate, munthu amene anayenda ndi sitima m'nkhalango za njovu moyo wake wonse, anagwira chitsulo cha bedi ngati kamwana. Sankaopa mpeni. Ankaopa tulo.

"Mwanangu," anatero kwa ine, "tulo tochita kupatsidwa ndi munthu sindikutidziwa. Nanga akaiwala kundidzutsa?"

Lamulo silinkalola kuti namwino athandize pa opaleshoni ya m'bale wake, choncho tsikulo anaika mnzanga m'malo mwanga. Koma eni tulo anandikodola kuti ndiime kumutu mpaka atate agone. Anayamba kucheza nawo za njanji. Anawafunsa masiteshoni a pakati pa Livingstone ndi Choma, ndipo atate sakanalola kuti munthu asokoneze ndondomeko ya masiteshoni awo. Anayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Mawu awo anayamba kulemera, kutalikirana, ndipo asanafike Kalomo dzanja lawo linafewa m'dzanja langa. Eni tulo anatenga chala changa n'kuchiika pakhosi pa atate, pamene mtsempha umagunda.

"Mwamvera? Bali momwemo. Manje yendani panja."

Ndinakakhala pa benchi pakhonde. Kunali kotentha, mitengo ya pachipatala ili chilili, ndipo kutali kumwera ndinkaona nthunzi ya mathithi itaima ngati mtambo umene waiwala kuyenda. Chala changa chinkagundabe chokha.

Atate atadzuka, masana omwewo, anandiyang'ana ngati ndachokera kutali ndine. Anati, "Ndawaona amako. Anali pa siteshoni ya Kalomo atavala diresi lawo la mpingo, atanyamula chigubu cha mabisi, mkaka wosasa uja, pamutu. Ndinawaitana. Sitima sinaime." Misozi inatsikira m'makutu mwawo. Kenaka anaseka pang'ono, akugwira pabala. "Koma anali onenepa bwino. Kumene aliko akudya."

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinayenda wapansi kuchokera kuchipatala mpaka ku Dambwa North osadziwa kuti ndadutsa pati. Pofika pakhomo ndinali nditadziwa kuti ndikufuna kukhala kumutu kwa wodwala, osati kumbali.

Nditawauza eni tulo, sanadabwe. Anandifotokozera kuti anamwino amene agwira nthawi ku fiyeta amatha kupempha maphunziro apamwamba ogonetsa odwala, ndipo amene apempha amaitanidwa ku Lusaka kukaonekera pamaso pa akuluakulu osankha. Ndinapempha kudzera kwa amatroni, mkulu wa anamwino pachipatala pathu, ndipo patapita miyezi anandiitana.

Ndinapita pa sitima, chifukwa mwana wa munthu wa njanji sakwera basi atate ake akuona. Ulendowo unali wochedwa, wa kuimaima. Ndinakhala pa zenera kuyang'ana ng'ombe za Atonga ndi minda youma, n'kumadziona ndekha nditakhala pa kampando kozungulira, anthu akundibweretsera maloto awo ngati mmene amabweretsera nkhuku kwa abusa. M'maganizo mwangamo ndinali nditapambana kale.

M'chipinda cha mafunso munali anthu atatu kuseri kwa tebulo. Wapakati anali mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pa kachingwe. Iye ndiye anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira ntchitoyi. Ndinamuuza za atate, za siteshoni ya Kalomo, za nsomba zouluka. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo ndinkaona ngati ndikulankhula bwino. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anavula magalasi.

"Nkhani yanu ndi yokoma, sista. Tsopano tiyerekeze kuti mwagonetsa mayi woyembekezera. Mwangoyamba kumene, milomo yake yayamba kuda. Muchita chiyani?"

Zinthu ndinkazidziwa, koma zinabwera zonse pamodzi ngati mbuzi pa khomo la khola, ndipo palibe chinatuluka mwadongosolo. Bambo wa kumanzere anandipatsa kulemera kwa mwana wodwala kuti ndiwerengere mlingo wa mankhwala. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Mayi uja anandidikira, ndipo potsiriza ananena mofatsa kuti, "Odwala ndiwo amalota, sista. Ife timafuna munthu wokhala maso. Bwererani mukakonzeke, mudzayesenso."

Ndinabwerera kwathu ndi manyazi. Mkulu wanga atandiona pachipata anangoti, "Iwe, nkhope yakamba kale. Bwera udye." Eni tulo ndiwo anaseka nditawafotokozera, kuseka kwawo kopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Mawa lake anandibweretsera buku lalikulu lachikuto chong'ambika, limene anaphunzirira iwo kalekale. Anapemphanso amatroni kuti masiku ena ndizikhala nawo kumutu.

Chaka chimenecho ndinachikhala ngati munthu woyenda m'madzi. Ku fiyeta eni tulo ankandigwiritsa kamvukuto n'kundiuza kuti nditseke maso, ndimve ndi dzanja lokha ngati chifuwa chikulandira mpweya kapena chikukana. Anandiphunzitsa kukweza chibwano cha munthu wogona kuti lilime lisatseke njira, kuyang'ana mtundu wa milomo ndi wa magazi pabala, kumva kusintha kwa mtima usanasinthe kwenikweni. Ankandifunsa za mlingo wa mankhwala mwadzidzidzi, pakati pa nkhani ina: "Mwana uyu alema so. Mupasa zingati?" Ndikachedwa ankangoyang'ana kudenga n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi mpaka nditayankha.

Masiku opuma kunyumba kunkakhala phokoso, choncho ndinkatsagana ndi mkulu wanga ku mathithi. Ndinkakhala kuseri kwa tebulo lake, pakati pa mvuu ndi akadyamsonga a mtengo, buku lili pamiyendo. Miyezi imene mtsinje wadzaza, nthunzi inkagwa ngati mvula yopanda mitambo. Masamba a bukulo ananyowa, kuuma, kunyowanso, mpaka linafufuma ngati buledi. Ndinkawerenga za mapapo ndi mitsempha, mkokomo wa madzi uli m'chifuwa changa, utawaleza utaima pamwamba pa mitengo, ndipo nthawi zina sindinkadziwa ngati ndikuwerenga kapena ndagona. Anyani ankabwera kudzakhala chapafupi n'kumandiyang'ana. Mkulu wanga ankatsutsana mitengo ndi azungu, kenaka n'kutembenuka: "Ba dokota, mukali moyo uko? Gwirani njovu iyi nimange." Tsiku lina mzungu wina wachikulire anaona chithunzi cha mtima m'bukumo n'kufunsa ngati bukulonso likugulitsidwa. Mkulu wanga anatsala pang'ono kuvomera.

Nditapitanso ku Lusaka, mayi wa imvi uja anali pomwepo, pa mpando womwewo. Anandizindikira. Sanandifunsenso chifukwa chake. Anayamba ndi mayi woyembekezera wa milomo yakuda uja, ngati tinangolekeza dzulo. Ulendo uno manja anga ndiwo anayankha poyamba: ndinapezeka ndakweza chibwano cha munthu wosaoneka pamwamba pa tebulo lawo, kwinaku pakamwa pakutchula zochita chimodzi pambuyo pa chinzake. Masamu ndinawerengera pamtima. Pomaliza mayiyo anandifunsa kuti, "Atate anu aja ali bwanji?" Ndinati ali bwino. Anagwedeza mutu n'kulemba kanthu.

Asanatibalalitse, anatiuza tonse amene tinabwera kuti opambana adzakhala ndi njira ziwiri. Ambiri adzaphunzira ku Lusaka komweko. Koma panalinso malo ochepa kusukulu ina ku Tanzania, pachipatala cha m'tsinde mwa phiri lalitali lija lokhala ndi chipale pamwamba. Masana amenewo anatiyendetsa m'fiyeta ya ku Lusaka kuti tione. Munali makina amene ndinali ndisanawaonepo, olira okha, olemba kugunda kwa mtima ndi kamzere kobiriwira kothamanga. Ndinaima pakhomo ngati wa kumudzi. Kumutu kwa wodwala kunali gulu la ophunzira, ena ofuna udokotala, ena ngati ife, onse akusuzumira pa mapewa a anzawo. Namwino wina amene ankatiperekeza anali ataphunzira ku Tanzania kuja. Nditamufunsa, anati kumeneko ophunzira ndi ochepa, munthu umayamba kugwira wekha msanga mphunzitsi ali pambali, ndipo amakuphunzitsa makina atsopano pamodzi ndi akale ogwira ngakhale magetsi atazima. "Koma ni kutali, mwandi," anatero. "Ukayenda wayenda. Ndipo odwala bakamba Chiswahili."

Patapita milungu, amatroni anandiitanitsa ku ofesi. Anati a ku Lusaka aimba lamya: ndapambana, ndipo ndili m'gulu la amene angathe kusankha kulikonse mwa kuwiriko. Ankafuna yankho mwezi usanathe.

Ndinkaganiza kuti chovuta chinali kulowa. Kusankha kunandivuta koposa. Ku Lusaka ndikanatha kumabwera kunyumba kawirikawiri, kudzaona mwana, kudzachapa malaya a atate. Ku Tanzania kunali kutsanzika kwenikweni. Komabe mtima wanga unkangopita kumeneko. Ndinkati ndikamapachika diripi, n'kuona phiri loyera litaima kumapeto kwa wodi. Chipale ndinali ndisanachionepo, kupatula cha m'firiji ya mankhwala, ndipo m'maganizo mwanga phirilo linkanunkhira ngati firijiyo. Kunja kwa malotowo kunalinso chifukwa chenicheni: ndinkadziwa kuti ndikadzabwerera ku Livingstone ndidzapeza kamvukuto komweko, magetsi ozimazima omwewo, ndipo kumutu kwa wodwala ndidzakhala ndekha.

Mkulu wanga sanabise maganizo ake. Tikuanika zovala kuseri kwa nyumba anati, "Iwe, Lusaka ni pafupi. Mwana akadwala tizakutumira mawu, mailo mmawa wafika. Uko ku mapiri tizakupeza bwanji? Pepala ni imozi chabe, olo uitenge kuti."

"Pepala ni imozi, ba sisi, koma manja yasiyana."

"Manja! Mwana afuna manja ya amai bake, osati ya ine."

Ankanena zoona, ndipo ine ndinangopitiriza kuanika zovala.

Ndinapita kwa eni tulo ndikuyembekeza kuti andisankhira. Anali akupukuta chipangizo chawo ndi kansalu. Anandimvetsera, kenaka anati, "Konse kubili bazakuphunzisani bwino. Ine ningakambe chabe kuti maso yanga yayamba kufooka, nifuna kuyenda kumunzi ku Senanga nikaone ng'ombe zanga zikalibe kuniibala. Nizamuyembekezani. Koma kusankha ni kwanu, ba sista. Amene azagona na nkhani iyi ni imwe."

Loweruka lina mmawa atate anavala jekete lawo lakale la ku njanji n'kunena kuti akufuna kukaona mlatho wa njanji wa pafupi ndi mathithi. Kuchokera pamene anachitidwa opaleshoni anali asanapiteko. Tinakwera minibasi, ine ndi iwo ndi mwana, mpaka kumalire, n'kuyenda wapansi. Pa mlathopo panali amalonda a njinga, amayi osenza mitolo, ndi gulu la azungu amene masiku amenewo anali atayamba masewera odziponya kuphompho atamangidwa chingwe kumiyendo. Tinaima n'kuonerera mtsikana wina akutambasula manja, n'kugwa, n'kukuwa, mawu ake akucheperachepera mpaka chingwe chinamubweza. Mwana wanga anabisa nkhope mu siketi yanga, kenaka n'kusuzumira kuti aonenso.

"Anthu akakhuta amasowa chochita," anatero atate. Anaika dzanja pa chitsulo cha mlatho n'kumayang'ana madzi obiriwira pansi patali. Nthunzi inkatiwaza kumaso. Kenaka analankhula osandiyang'ana.

"Mkulu wako wandiuza zonse. Ukufuna kupita kutali, koma ukuopa chifukwa cha uyu." Analoza mwana ndi chibwano. "Tamvera. Pamene iwe unkakula, ine ndinali pa njanji. Ndinkachoka uli ndi mano, kubwera ulibe, kubweranso amera ena. Sindinakuperekezepo kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Amako ndiwo anaona zonsezo, ndipo anapita nazo. Tsopano ndili ndi miyendo iwiri ndi nthawi yambiri yopanda ntchito. Ndisiyire mwanayu. Sindikunena kuti ndikuthandize ayi. Ndikupempha ine."

Ndinati, "Atate, mudzatopa naye. Ndi wovuta kudya."

"Wovuta kudya ndinali ine. Funsa anthu." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Pita kumene ukaphunzire bwino. Munthu amene adzagone m'manja mwako sadzafunsa kuti unkabwera kangati kunyumba."

Lolemba ndinakauza amatroni kuti ndasankha Tanzania. Mkulu wanga sanandilankhule masiku angapo. Kenaka tsiku lina anabwera ndi juzi lochindikala la pa salaula, pamsika wa zovala zakale, n'kuliponya pabedi panga. "Bakamba ati kuja kuzizira," anatero, n'kutuluka.

Kuuza mwana ndiko kunandilemera. Ndinamukhazika pamiyendo n'kumuuza kuti ndikupita kusukulu yakutali, ndipo iye adzatsala ndi agogo ake ndi amayi ake aakulu. Anandifunsa ngati kusukuluko amamenya. Nditati ayi, anatsika n'kupita kukasewera. Tsiku lonyamuka, pa siteshoni, sanalire. Anali pa mapewa a atate, akuwagwira makutu, ndipo sitima itayamba kuyenda ankayang'ana mawilo, osati ine. Ndinalira ndine, mpaka mayi wina amene ndinakhala naye pampando anandipatsa chinangwa chootcha osandifunsa kanthu.

Za kusukuluko ndi nkhani yaitali payokha. Ndinaphunzira kuuza munthu m'Chiswahili kuti apume kwambiri, kuti asaope, kuti atsegule maso. Ndinagonetsa ana, nkhalamba, amayi obereka, anthu ovulala pa ngozi. Ndinaphunzira kubaya jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika, ndi kulowetsa kapaipi ka mpweya pakhosi manja osanjenjemera. Panali masiku amene ndinkafunsa mtima wanga chimene ndinadzera kutali chonchi, makamaka Lamlungu masana, anzanga akapita kwa abale awo. Kunyumba ndinabwerako kamodzi kokha, mwachidule, moti ndinachoka mwana asanandizolowere.

Nditamaliza n'kubwerera ku Livingstone, kunali kutayamba mvula zoyamba, nthaka ya ku Dambwa ikununkhira. Eni tulo anasunga mawu awo. Tinagwira limodzi miyezi ingapo, kenaka anatsanzika n'kupita kwawo kumadzulo. Atate ndinawapeza atanenepa, akudziwa mayina a aphunzitsi onse a kusukulu ya mdzukulu wawo ndi a ana onse a mumsewu wathu. Mkulu wanga anandikumbatira pachipata n'kunena kuti ndada ndiponso ndikulankhula ngati wa kunja.

Mwana ndiye anaima kuseri kwa miyendo ya agogo ake. Anali atatalika, tsitsi lake litalukidwa mwa njira imene sindinkaidziwa. Atamuuza kuti apereke moni, anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira, n'kunena kuti, "Muli bwanji, ba anti."

Atate anafuna kumudzudzula, koma ndinawaletsa ndi maso. Ndinamuyankha moni wakewo. Masiku otsatira ndinasiya kumukakamiza. Akafuna madzi osamba ankapita kwa mkulu wanga, akafuna nthano kapena kumangidwa nsapato ankapita kwa agogo ake. Ine ndinkangokhala pafupi, kusenda mbatata, kusita yunifolomu, iye n'kumandizungulira patali ngati kamphaka ka eni ake. Nthawi zina ndinkamupeza akununkhiza chikwama changa cha kuntchito. Tsiku lina anandifunsa, ataima pakhomo, kuti kuchipatalako ndimachita chiyani. Ndinamuuza kuti ndimagonetsa anthu kuti asamve kuwawa dokotala akamawakonza, ndipo akatha ndimawadzutsa. Anaganiza kanthawi n'kuchoka.

Linali Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, pamene ndinamva akulankhula yekha pansi pa mtengo wa mango. Anali atagoneka chidole chake cha nsanza pa njerwa, atachifunditsa mpango wa agogo ake. Kumaso kwa chidolecho anaikako kasefa ka tiyi kamene mkulu wanga anakhala akukafunafuna kuyambira mmawa. M'dzanja anali ndi kamtengo, koma ankaoneka wosokonezeka, chifukwa akagwira kamtengo kasefa kankagwa, akagwira kasefa panalibe wochita opaleshoni. Anayesa kangapo. Kenaka anakweza mutu n'kundiona nditaima pakhonde.

"Ba mami, bwerani mugwire apa. Ine ndine dokota."

Ndinavula nsapato za kutchalitchi, ndinakakhala pansi pa fumbi kumutu kwa chidolecho, n'kugwira kasefa. Opaleshoniyo inatenga nthawi yaitali, chifukwa m'mimba mwa wodwalayo munapezeka miyala, chitsekerero cha botolo ndi nyerere imodzi yamoyo.